Chitupa Changa Chimati Ndine wa ku Chikwawa

Ganizo lopita ku Joni ndinalipanga nditakhala pa njanji ya ku Makhanga, njanji imene sitima inaiwala kalekale. Kwathu munthu ukafuna kuganiza zazikulu umakhala pamenepo, chifukwa ndi pokhapo potumphuka, komanso ndi pamene foni imagwira netiweki ya Malawi m'malo mwa ya ku Mozambiki. Ndinali nditangobwera kuchokera ku koleji ina ku Blantyre, kumene ndinaphunzira jogalafe zaka ziwiri. Ndimakonda kuuza anthu kuti koleji ndinaisiya ndekha. Zoona zake n'zakuti tinathandizana: iwo analemba kalata, ine ndinanyamula chikwama. Phunziro limene linandigwetsa kawiri konse linali la kawerengedwe ka mapu.

Nthawi imeneyo ndinali nditakwatira kale. Mkazi wanga Fanita, wa ku Bangula, anali ndi pakati, ndipo chuma changa chonse chinali mabuku atatu ndi tayi imodzi. Nditawauza mayi anga za ulendowo, anandifunsa kuti, "Ku Joniko jogalafe amagula?" Ndinati sindikudziwa. Iwo anati, "Pita ukafunse. Kuno nkhabe." Nkhabe ndi ayi wa Chisena, ndipo ya mayi anga siikhala ndi apilu. Sabata yotsatira ndinali pa basi.

Popeza fizi ya zaka ziwiri inapita, ndiloleni ndiigwiritseko ntchito pang'ono. Nsanje ndi boma la kumchira kwa dziko, ndipo Shire analidula n'kusiya kachigawo kena kutsidya, kum'mawa. Kachigawoko ndiye ife. Mbali ina tazingidwa ndi mtsinje wa Ruo, kutsidya kwake Mozambiki. Kumpoto kuli Chikwawa. Chakumtunda mapiri a Thyolo amatiyang'ana ngati anthu amene anachenjera msanga. Kale azungu ankatcha Nsanje kuti Port Herald, ndipo pa Chiromo, pafupi ndi kwathu, panali ofesi za boma, sitima za pamadzi zikukocheza, ya pamtunda ikuwolokera ku Bangula. Akuluakulu amati masiku amenewo boma linali pafupi kwambiri moti ankachita kulithawa. Kenako ofesi zinasamuka, madzi anadula msewu ndi njanji, ife tinatsala. Lero munthu wa kwathu akafuna kufika ku boma lake, kapena akwere boti kuwolokera ku Bangula, kapena azungulire: kumpoto mpaka pa Thabwa, adutse Chikwawa yense, Nchalo, Ngabu, kenako alowe m'boma lake kudzera khomo lina ngati mlendo.

Tsopano cholakwa changa. Chaka choyamba ku koleji kunabwera anthu olemba zitupa za unzika. Pa mzere anzanga anali atayamba kale nyimbo yawo ya masiku onse, yakuti ife a ku Nsanje timabadwa titagwira thumba lolandirira ufa, ndipo madzi akachedwa kusefukira timapita kukawaitana. Kumbuyo kwanga kunaima mtsikana wina wa ku Zomba amene ndinkamusungira mpando m'kalasi iye osadziwa. Wolemba uja atafunsa kuti, "Boma la kwanu?" pakamwa panga panatuluka "Chikwawa", momveka bwino, ngati munthu wokhala ndi munda wa nzimbe. Ndinatchula mudzi wa malemu bambo anga, umene uli kutsidya komweko koma mbali ya Chikwawa, mudzi umene ndinaupondako kawiri m'moyo wanga, kachiwiriko pa maliro awo. Mtsikana uja sanamve n'komwe. Anali pa foni.

Sindinaname kwenikweni. Bambo anali Mmang'anja, mayi ndi Msena, makolo awo anachokera cha ku Mutarara. Kwa Amang'anja mwana ndi wa kwa mayi ake. Kwa Asena, mwamuna akalowola, mwana ndi wa kwa bambo ake. Bambo anga analowola. Ndiye mbali iliyonse inali ndi umboni wokwanira wakuti ndine wa mbali inayo. Ndinakulira ku Makhanga chifukwa bambo atamwalira kumene ankagwira ntchito, mayi anabwerera kwawo, ndipo palibe anafunsa zambiri za kamwana kodya pang'ono.

Ku Joni jogalafe sagula. Ndinafunsa. Ntchito imene ndinapeza inali yothirira pa nazale ya maluwa kunja kwa mzinda. Ine, mwana wa dera limene madzi amalowa m'nyumba osaodira, ndinkalipidwa kuti ndizipereka madzi kwa maluwa, bwana n'kumandikumbutsa tsiku lililonse kuti madzi ndi odula. Ndinkagona m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu. Nthawi yozizira ndinkavala zonse zimene ndinali nazo, ndi tayi yomwe.

Za kusungulumwa sindibisa. Lamlungu ndilo linali tsiku loipa, chifukwa ngakhale maluwa sankandifuna. Ndinkakhala pa ndowa pakhomo n'kumamvetsera mauthenga a mawu a Fanita, omwewo mobwerezabwereza. Zimene ankanena zinali za sopo ndi za mbuzi yodwala, koma kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka tambala, belu la njinga, ndi mayi akukalipira munthu m'Chisena. Izo ndizo ndinkazifuna. Mwana wathu Tamandani ndinamuona ali wakhanda, akukwawa, akuyenda, zonsezo pa galasi long'aluka la foni. Mpaka lero akandisekerera ndimadzipeza ndikufuna kubwereza, ngati pali pofinya.

Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, nthawi zina zooneka, nthawi zina zochititsa manyazi. Fanita sankadya zonse. Anaumbitsa njerwa, anaotcha, anagula malata, ndipo chaka chachinayi ananditumizira chithunzi cha nyumba ya zipinda zitatu, ya chitseko chobiriwira. Ndinachionetsa kwa aliyense pa nazale, ndi bwana yemwe. Amalawi anzanga akafunsa kuti nyumbayo ili kuti, ndinkati ku Chikwawa. Bodza ukaliyendera nthawi yaitali limasiya kukupweteka, ngati nsapato.

Kenako kunabwera mvula ija ya namondwe. Masiku atatu foni ya Fanita sinkagwira. Ndinathirira maluwa masiku atatu amenewo, ndipo sindifotokoza zimene ndinkaganiza ndikamaona madzi akutuluka m'paipi. Tsiku lachinayi kunabwera uthenga kuchokera pa nambala yachilendo. Anali Fanita, mawu ake osasa. "Bambo a Tamandani, tili moyo tonse, ndi mayi omwe. Atitenga pa boti, tili pa sukulu kumtunda. Ruo wasintha njira, wadutsa pakhomo pathu. Nyumba yapita. Musalire, kuno olira achuluka kale."

Sindinabwerere nthawi yomweyo. Ndinadziuza kuti ndikhale ndizitumiza, ndipo n'zoona kuti zinkafunika, koma n'zoonanso kuti ndinkaopa kukaona. Patapita miyezi, anthu a m'mudzi mwathu anawapezera malo m'munsi mwa mapiri, kumene madzi safika, ndipo banja lililonse linayenera kulandira puloti. Mayi anawalemba pamodzi ndi banja la mchimwene wawo amene amawasunga. Ife tinayenera kulembedwa patokha. Uthenga wa Fanita unali waufupi. "Bwerani. Akufuna mwini banja aonekere ndi chitupa, ndipo kaundula atseka mwezi uno ukatha. Achimwene anga akuti mvula ikandipeza ndili mu tenti adzanditenga ndi mwana yemwe, za malowolo mukadandaule kumene mukufuna." Apa ndinagula tikiti.

Ndinatsika phiri la ku Chikwawa pa minibasi patapita zaka zisanu ndi chimodzi, kutentha kukuwonjezeka pa kona iliyonse ngati kukundifunsa kuti ndinali kuti. Pa Thabwa ndinakwera njinga yamoto. Ku kampu ndinapeza mizere ya matenti otuwa ndi fumbi. Tamandani anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake n'kunong'ona, kunong'ona kwa ana kumene kumamveka mpaka kumsewu, "Amenewa ndi aja a mu foni?"

M'mawa mwake ndinavala tayi n'kupita pansi pa mtengo pamene komiti yogawa malo inkakhala. Wapampando anali mayi Alufandika, amene ankatigulitsa zitumbuwa pa pulayimale.

"Zuze! Wanenepa masaya okha," anatero. "Bweretsa chitupa."

Anachiyang'ana kutsogolo, kumbuyo, n'kuchitalikitsa ndi maso.

"Iwe unasamuka liti?"

"Sindinasamuke, mayi. Ndi nkhani ya mbiri. Mukaona bwino malire a maboma awiriwa..."

"Apa palembedwa Chikwawa."

"Mayi, inu mumandidziwa."

"Ndimakudziwa. Unandibera zitumbuwa ziwiri uli sitandade folo. Koma fomuyi ikupita kwa anthu amene sunawabere kanthu. Kunabwera kale anthu a kutali kudzanamizira kuti ndi a kuno, ndiye lamulo ndi lakuti wa boma lina ayi. Ukasinthe chitupa, kapena ubwere ndi kalata ya mudzi wa pa chitupawu yonena kuti si iwe wawo."

Tikubwerera, Fanita ananena mosakweza mawu kuti chitupa chake chimati Makhanga, chifukwa iye anachitenga atakwatiwa kale, ndipo monga mkazi wolowoledwa anatchula kwa mwamuna wake. Bwanji puloti ilembedwe dzina lake? Ndinaima pakati pa njira. Ndinamufotokozera mwaulemu wonse kuti ine ndinalowola, kuti sindinazizidwe zaka zisanu ndi chimodzi kuti ndidzakhale mkamwini m'mudzi umene ndinakuliramo, ndiponso kuti nkhani ya kalata imodzi singamutengere masiku awiri munthu wofika ku koleji. Iye anati, "Chabwino, bambo a Tamandani." Amene munakwatira mukumudziwa chabwino ameneyo. Ine ndinali nditakhala kunja nthawi yaitali.

Mudzi wa bambo anga uli ulendo wa maola awiri pa njinga. Azakhali anga, a Estere, anandilandira ndi misozi n'kundiphera nkhuku. Titadya ndinayesa kaye njira yachidule: popeza chitupa chimati ndine wa pano, kodi pangapezeke kamalo koika nyumba? Misozi inauma pomwepo.

"Mwana wa achimwene, mwambo ukuudziwa. Malo ano ndi a ana athu ife akazi. Kwanu ndi kwa mayi ako."

"Zikomo kwambiri, azakhali. Mawu omwewo ndikuwafuna pa pepala."

Ananditumiza kwa mlembi wa mudzi, msuweni wanga Damiyano, amene amasunga kaundula wa mayina ndi chidindo cha amfumu m'jumbo ya shuga. Anatsegula kaundulayo n'kundionetsa dzina langa, lolembedwa bwino kuposa mmene ndimalilembera ndekha. Akuti atamva kuti ndinalembetsa kwawo anasangalala kwambiri.

"Koma kukuchotsa, msuweni, sindingathe. Mjigo akupereka poona kuchuluka kwa anthu. Mudzi wapafupiwu ukutiposa pang'ono chabe. Ife tikusaka mayina, iwe ukuti tichotse?"

"Ndiye ndine wanu?"

"M'kaundula ndiwe wathu kwambiri."

"Ndipatseni malo."

"Aa, malo ndi nkhani ya mwambo. Funsa azakhali ako."

"Akuti si ine wanu."

"Akunena zoona."

Ndinamufunsa ngati mjigowo ukadzabwera ndidzaloledwe kumwako. Anati alendo sawamana madzi.

Ndinaganiza zokwera pamwamba. Pa boma la Chikwawa bambo wina wa mu ofesi anandimvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene aphunzitsi anga sanachitepo, n'kundiuza kuti chitupa chimasinthika ndithu, koma pafunika makalata a midzi yonse iwiri, ndipo si za sabata imodzi. Za puloti, anati, ndi nkhani ya ku Nsanje. Ndinakwera minibasi. Nchalo, nzimbe mbali zonse. Ngabu, ng'ombe. Bangula. Kenako Nsanje, kumene thukuta limatuluka ngakhale m'zikope. Ndinafika Lachisanu anthu ataweruka, ndiye ndinakhala kwa mnzanga wa ku sekondale kudikira Lolemba. Lolembalo mayi wina anandiuza modekha kuti kaundula amalembedwa kumudzi ndi komiti, iwo amangolandira.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti palibe anandinyoza, palibe anandipempha kangachepe, palibe ananama. Aliyense ankanena zoona, ndipo ndikaziphatikiza zoona zonsezo ndinkapezeka kuti ndilibe kwathu. Ndinkafunitsitsa munthu woti ndimukwiyire, koma ndikafufuza bwino ndinkangopeza mnyamata uja wa pa mzere ku Blantyre.

Pobwerera ndinatsika pa Bangula kuti ndiwoloke pa boti. Ndinayesa kulambalala msika, koma mlamu wanga Antonyo, mchimwene wake wa Fanita, amagulitsa nsomba pamalo oti ngakhale mbuzi singadutse osaonedwa.

"Alamu! A ku Joni! Ndamva mukuyendera maboma. Lanu mwalipeza?"

"Nkhani ili m'manja mwa akuluakulu."

"Mitambo nayo ili m'manja mwa Wamkulu. Mwaiona? Ine chipinda cha mlongo wanga ndasesa kale." Anakulunga makakana awiri ouma m'nyuzipepala n'kundipatsa. "Mukampatse mwana. Asamadye mbiri."

Boti linawoloka Shire n'kulowa m'njira zatsopano zimene madzi anadzitsegulira okha. Woyendetsa anali mnzanga wa ku pulayimale. Pena pake anachepetsa injini n'kuloza ndi mlomo. "Panu paja ndi apo." Panali mchenga, bango, ndi mayi wina akubzala mbatata. Nyumba imene ndinaionetsa Joni yense sindinagonemo ngakhale kamodzi, ndipo tsopano ndinalephera kudziwa kumene khomo lake linaloza. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti m'madimba munali anthu mbwee, omwewo a ku kampu. Amatsika m'mawa kudzalima dothi limene madzi anasiya, madzulo n'kukwera. Palibe amene anali ndi kalata yomuloleza.

Ndinafika ku kampu patapita masiku khumi ndi limodzi, mwezi utatha dzana lake. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene, ogonja koma osagwetsa ulemu. Pamene panali tenti yathu ndinapeza bwalo loyera ndi mabowo a zikhomo. Ndinaganiza kuti Antonyo wandipitirira pa boti lina. Mayi anga anali chapafupi akupeta mapira, ndipo sanadzuke.

"Wabwera nayo kalata?"

"Ayi."

"Kwera uko. Ukaona chulu, ukhotere kumanja."

Tenti ndinaipeza itaimikidwa pa malo olambulidwa kumene, zikhomo m'makona anayi, chingwe chikuzungulira. Fanita anali m'dzenje, matope mpaka m'mawondo, njerwa zaziwisi zitandandalikidwa padzuwa mizere itatu.

"Puloti ya ndani iyi?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

"Yanga."

"Paja tinagwirizana kuti..."

"Munagwirizana nokha. Ine ndinadikira mpaka tsiku lomaliza, dzuwa litapendeka. Mayi Alufandika anali akulongedza mapepala."

"Nanga pa fomu, pamene pamafunsa za mwamuna, munalemba chiyani?"

"Zimene zili pa chitupa chanu. Wa ku Chikwawa." Anapukuta thukuta ndi mkono. "Tsiku lija madzi akubwera, ine ndi mayi anu tinali pa denga la tchalitchi, mwana kumsana. Anthu onse ali pa mtunda pano tinaonana kumeneko. Palibe anandikumbutsa kuti ndine wa ku Bangula. Inu simunalakwe kupita, nyumba yoyamba ija inali thukuta lanu. Koma musandiuze kuti mwana wanga anyowe chifukwa dzina lanu silinalowe pa pepala."

Iye anatuluka m'dzenje n'kundisiyira malo.

"Vulani nsapato. Dothi likuuma."

Nyumba tinafolera mvula yoyamba isanagwe, zipinda ziwiri. Antonyo anabwera kudzaiona, anagogoda khoma ngati akugula vwende, n'kunditcha mkamwini wolowola woyamba m'chigwa chonse cha Shire. Dzinalo lakhazikika, ndi mayi anga omwe amalitchula akafuna kuseka. Chitupa sindinasinthe, ndipo Damiyano akudikirabe mjigo wake.

Ndili ku Joni ndinkaganiza kuti kwathu ndi malo amene amakudikira pamene unawasiya, bola uzitumiza. Ndinapeza kuti kwathu kunasamuka pamodzi ndi anthu amene ananyowa limodzi, ndipo ine ndinalowamo mmene amalowera aliyense wofika mochedwa, kudzera mwa munthu womudziwa. Zimandiwawabe, sindinama. Masiku ano kukabwera anthu a mafomu, a katemera kapena a mbewu, n'kufunsa mwini khomo, ndimawapatsa mipando, ndimawafunsa za ulendo, kenako ndimazungulira kuseri n'kuitana, "Amake Tamandani, kwabwera alendo anu."